Papsa Tonola, Koma Yang'anani Kaye Pansi pa Mpando

Papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Mwambi umenewu unali wa nyengo ya mondokwa, koma masiku ano wasamukira m'tauni ndipo ukulamulira nyumba iliyonse. Magetsi akangoyaka, kaya ndi pakati pa usiku, banja lonse limadzambatuka: uyu foni ku soketi, uyu simbi, uyu nyemba pa mbaula. Moto wa mu waya nawo mtima wake sudziwika.

Ndiye mwezi wathawu mwambiwu ndinaumva ukugonja pa mlandu. Alamu anga amagwira ntchito pa bwalo lina la gofu, kusamala tingolo ta magetsi tija timene timanyamula mabwana ndi zikwama zawo za ndodo kuchoka pa dzenje loyamba mpaka la 18. Ndinawapeza akukalipira mnyamata wina wachangu amene anazula kangolo pa tchaja patangotha ola limodzi, ati poti bwana wafika ndipo kamoto kalowamo kale. Mnyamatayo anadziteteza ndi nzeru za makolo: "Papsa tonola, madala." Alamu anangoti, "Iwe, batire si chimanga."

Atatukula mpando, pansi pake panali mabatire asanu ndi limodzi ondondozana, iliyonse ya mavolti 8, onse pamodzi 48. Tingolo takale timayendera mavolti 36. Batire imodzi kulemera kwake kumayandikira makilogalamu 30, ndipo mkati mwake muli mapuleti a mtovu omira mu asidi, nzeru imene Gaston Planté wa ku France anatulukira mu 1859. Nkhalamba imeneyi siifulumizika. Ikatopa imafuna maola 8 kapena 10 pa moto. Chigawo chachikulu chimalowa msanga, n'chifukwa chake mnyamata uja ananyengeka. Koma maola omaliza, pamene tchaja imangong'ung'udza ngati sikuchita kanthu, ndi amene amasungunula zoyera zimene zimamata pa mapuleti batire ikamagwira ntchito. Mukamazula msanga tsiku ndi tsiku, zoyerazo zimauma n'kukhala gwa, malo osungira moto n'kumachepa. Batire sidandaula. Imangosunga mangawa, n'kudzabweza pa dzenje la kutali kwambiri, dzuwa lili paliwombo, bwana atanyamula mlendo wofunika. Ndipo wokankha amadziwika kale. Si bwana.

Komatu makolo sanalakwe kotheratu. Theka la mwambiwu n'loona kuposa mmene iwo ankaganizira. Kangolo kakangobwerera, ngakhale kayenda maenje 9 okha, kaikeni pa moto nthawi yomweyo. Anthu ena amati batire iyambe yatheratu ndiye idzalandire moto bwino. Limenelo ndi bodza limene lapha mabatire ambiri a mtovu. Mukaisiya yopanda moto milungu ingapo, mphamvu imatsika mpaka matchaja ambiri amakono, amene amayamba afufuza kaye ngati kuli batire, amangokhala chete osayaka n'komwe. Ndiye poika fulumirani, pozula dekhani. Mwambi uti umene ungasenze malamulo awiri otsutsana chonchi?

Palinso nkhani ya madzi. Mabatire amenewa amamwa, koma amamwa atadya. Madzi amathiridwa tchaja ikamaliza, chifukwa asidi amakwera batire ikamalandira moto, ndipo mukadzaziratu amasefukira n'kudya zitsulo ndi simenti yomwe. Pokhapokha mapuleti akaonekera poyera m'pamene mumathirako pang'ono ongowaphimba musanayambe. Madzi akenso ndi a batire ogula aja, osati a pa mjigo, ngakhale akhale ozuna bwanji. Ndipo ikamatchajidwa imatulutsa mpweya wa haidrojeni umene suchedwa kuphulika, choncho shedi ikhale yopita mphepo, ndipo wa fodya akasutire uko. Pamenepa ndiye mtima wa moto sudziwikadi.

Vuto lenileni lili pa maola 8 aja. Tingolo tambiri timapangidwa m'dera la Augusta ku Georgia, kwawo kwa makampani a Club Car ndi E-Z-GO, komwenso kumachitikira mpikisano wa gofu wa Masters. Langizo lakumeneko n'losavuta: ikani pa moto madzulo, mukagone, m'mawa muipeza yadzaza. Wolangizayo sanakhaleko kuno mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 pa magetsi a dziko lino. Usiku wathunthu wa magetsi osadukiza unali nkhani yokambirana pa basi. Alamu akuti nthawi imeneyo ankagona pa benchi m'shedi, babu ili choyatsa kuti ikawala iwadzutse, aone ngati tingolo tonse tayambanso kudya. Kenako m'mawa amakwera njinga yawo yakapalasa kupita kunyumba kumene kulibe ndi soketi yomwe. Ndinaseka atanena, koma kuseka kwake sikunapite patali.

Chimene chimandipweteka ine si bwana woyenda wapansi maenje anayi. Miyendo ali nayo, ndipo adokotala anamuuza kale kuti aziigwiritsa ntchito. Koma mtovu ndi asidi yemweyo ali m'batire ya sola imene mlimi amagula atagulitsa soya kapena fodya. Imeneyo imayatsa TV ndi kutchaja mafoni a mudzi wonse mpaka itatheratu usiku uliwonse, masana n'kulandira kamoto kosakwana kuchokera pa kasola kamodzi. Ikafa msanga, timati wogulitsa anatigwira m'maso, mwinanso timakayikira aneba. Ngolo ya gofu ili ndi munthu wolipidwa kuti aziidikira ikhute. Batire ya kumudzi ilibe ngakhale woiuzira mwini wake kuti azizimitsa isanafike pothera.

Tsono kwabwera mabatire a lithiyamu. Awa ndiye a papsa tonola enieni: ola limodzi pa moto amalandira mosanyinyirika, madzi safuna, n'ngopepuka, ndipo ali ndi kakompyuta mkati kamene kamadula moto zinthu zikafuna kulakwika. Mnyamata uja akanakhala kuti anazula ngolo ya lithiyamu, mlandu akanawina. Kungoti mtengo wake ukaumva umayamba wakhala pansi. Mwambi umene anapeka anthu ootcha chimanga pa mafuwa tsopano ukugwira bwino ntchito kwa okhawo a thumba lolemera, ndipo ine ndikuona kuti kumeneku n'kulanda.

Enanu amene muli ndi ya mtovu, kaya ili pansi pa mpando wa ngolo kaya kuseri kwa TV, bwana adikire. Isiyeni pa moto mpaka tchaja izime yokha.