Ka Jimny kanga kamera mchira

Chaka chino kumudzi ku Ntcheu tinapata chimanga ndithu, ndipo mayi akunyumba atamva mtengo wa hayala ya lole anandiyang'ana ine, kenako n'kuyang'ana ka Suzuki Jimny kanga kamene kanali phee pansi pa mtengo wa mango. "Bambo a ana, anzanu amakoka ngolo." Basi, anathera pomwepo. Kwathu mawu oterowo amakhala kuti adutsa kale ku Nyumba ya Malamulo, changa n'kusaina.

Kukoka ngolo kumalira chitsulo chija cha kumbuyo chokhala ndi kampira, chimene amakaniko amati towbar. Mnyamata wina wowotcherera mageti kudera kwathu anandilandira ndi manja awiri. "Madala, bweretsani, ndimata pa bampa pompano. Ikamakwana 12 koloko mukhala mukukoka ngakhale nyumba." Mtengo wake unali wokoma moti dzanja linalowa lokha m'thumba. Anandipulumutsa ndi makaniko wanga, amene anagogoda bampa ija ndi chala n'kundifunsa ngati ndinamvapo pulasitiki ikukoka chimanga.

Towbar yeniyeni imamangidwa ku chasisi. Ka Jimny, ngakhale kamaoneka konyozeka, kali ndi mitanda iwiri yachitsulo pansi, ndipo chitsulocho chimagwira kumeneko ndi mabawuti olimba, aja olembedwa 8.8 pamutu. Sawotcherera ayi, chifukwa moto umafooketsa chasisi. Ndiye pogula amakufunsa chaka cha galimoto, pakuti ya mtundu wa 1998 mpaka 2018 ndi yosiyana ndi yatsopanoyi. Ine ndinayankha chaka chimene ndinaigula. Wogulitsa anapumira m'mwamba.

Towbar zimenezi zilipo za khosi lopindika, zilipo zochotsa ukamaliza ntchito, ndiye zilipo zomanga kampira ndi mabawuti awiri. Yochotsa ndi yodula, komanso munthu amene ndimasaka makiyi m'mawa uliwonse sindingapatsidwe chitsulo chosowa. Ndinatenga ya mabawuti awiri. Kampirako ndi ka mamilimita 50. Ka ku America ndi ka mainchesi 2, kokulirapo pang'ono, ndiye musamangoti mpira ndi mpira.

Chimene chinandithyola mawondo ndi buku la galimoto. Kanga, ka injini ya malita 1.3, kamaloledwa kukoka makilogalamu 1,300 ngati ngolo ili ndi mabuleki akeake. Nditawerenga zimenezi ndinayamba kuyenda modzikweza, m'mutu ndikupakira matumba 26. Mzere wotsatira unati ngolo yopanda mabuleki, 350 okha. Ndipo 350 imeneyo ndi pamodzi ndi ngolo yomwe. Ngolo imene alamu anga anandibwereka ilibe buleki ndi imodzi yomwe, ndipo payokha imalemera pafupifupi 150. Zotsala ndi 200. Matumba anayi a makilogalamu 50. Anayi, abale! Anyamata a kabaza awiri angandipose. Palinso malire ena: kulemera kotsamira pa kampira penipeni kusapitirire 75. Ukaunjika katundu kutsogolo kwa ngolo, galimoto imakhala pansi kumbuyo, chiwongolero n'kupepuka. Ukaunjika kumbuyo, ngolo imayamba kuvina uku ndi uku, ndipo kagalimoto kafupi ngati aka kamavina nayo.

Tsiku lomanga ndinati ndithandize. Ntchito yanga inali yopereka sipanala, ndipo nthawi zonse ndinkapereka ina. Makaniko anamanga mabawuti ndi sipanala yoyeza mphamvu, ija imalira kuti "ke" ikafika muyezo. Ine ndinafuna kuwonjezera pang'ono ndi phazi, iye anandituma ndikagule madzi ozizira. Nditabwera ndinapeza akulumikiza soketi ya magetsi ya mapini 7, yopereka maindiketa ndi magetsi a buleki ku ngolo. Imeneyo musaisiye, apolisi apamsewu amayamba kuyang'ana kumbuyo asanakupatseni moni.

Zina buku silinena. Tayala la sipeya la Jimny limakhala pa chitseko cha kumbuyo, pamwamba penipeni pa kampira, choncho pokola ngolo zala zimalowa mwaulemu, ndipo chitseko chimatseguka mokayika ngolo ikakhala pomwepo. Pa kamtsinje ka kumudzi kamene kale ndinkadutsa ndikuimba mluzu, tsopano mchira umakanda pansi potuluka. Nanga msongolo wanga! Kampira kaja kamaudziwa mumdima, sikaphonya.

Mchira utangomera, abale anamera nawo. Wina akufuna mchenga, wina njerwa, apongozi akufuna ng'ombe ipite kumsika. Wina minibasi yake inatitimira m'matope, anabwera ndi chingwe kuti akole pa kampira ndimuzule. Pamenepo ndinakana mosaseka. Kampira sanakapangire kugwedeza kwadzidzidzi. Kakathyoka kamauluka ndi chingwe n'kuboola galasi, ndipo anthu anafapo ndi zimenezi. Anandinena kuti galimoto yandipatsa matama, ine ndinavomera.

Chimanga chija ndikututabe, matumba anayi ulendo uliwonse. Mayi akunyumba anawerengetsa mafuta n'kupeza kuti lole ikanatchipa, koma nkhaniyo sitiikamba pamaso pa ana. Inu amene mukufuna kundibwereka Loweruka likubwerali, yezeranitu katundu wanu pa sikelo. Akapitirira 200, kafuneni lole.