Wonongani Timabokosi Tingapo Mwadala

Pulinta ya 3D imachita zokhazo zimene yauzidwa. Imatsatira malamulo otchedwa G-code mzere ndi mzere: G28 imaibwezera pakona pamene imayambira, M104 imatenthetsa nozzle (kakamwa kotulutsira pulasitiki), M140 imatenthetsa bedi, G1 imaiyendetsa kuchoka apa kupita apo ikutulutsa pulasitiki yosungunuka. Malamulowa amalembedwa ndi pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa slicer, imene imatenga chithunzi cha chinthu chanu, kuchidula m'magawo opyapyala osanjikizana, n'kukonza njira imene nozzle idzayende pa gawo lililonse. Chinthu chikatuluka chopindika, chabowobowo kapena chaubweya, nthawi zambiri makina sanalakwitse. Atsatira manambala amene anapatsidwa.

Munthu amene wangogula pulinta akaona chinthu chawonongeka amasintha manambala asanu nthawi imodzi. Chikakhala bwino sadziwa chimene chathandiza, chikaipiraipira sadziwa chimene chawonjezera vuto. Ndaona anthu akutaya mtima motere mpaka kuvindikira makina ndi nsalu, ndipo zimandipweteka chifukwa makinawo ndi filament yake, chingwe cha pulasitiki chimene amasungunula, zimadya ndalama. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti mulakwitse mwadala, nambala imodzi pa nthawi, pa kanthu kakang'ono, maso ali pomwepo. Vuto lililonse lili ndi maonekedwe ake ndi phokoso lake, ndipo mukalipanga nokha mudzalizindikira tsiku limene lidzabwere losaitanidwa.

Slicer iliyonse ingagwire ntchitoyi. Cura anaiyambitsa David Braam ndipo inakulira m'manja mwa kampani ya Ultimaker ku Netherlands. PrusaSlicer ya kampani ya Prusa Research ku Prague inachokera ku Slic3r, imene Alessandro Ranellucci anayamba kulemba mu 2011. OrcaSlicer inachokera ku Bambu Studio, imenenso inachokera ku PrusaSlicer. Zonsezi n'zaulere, ndipo mayina a manambala amangosiyana pang'ono. Pano ndikuganizira za Ender 3, makina otchipa amene kampani ya Creality ya ku Shenzhen inatulutsa mu 2018, okhala ndi nozzle ya mamilimita 0.4, ogwiritsa ntchito filament ya PLA ya mamilimita 1.75.

Musanawononge kanthu, sindikizani kabokosi ka mamilimita 20 mbali zonse ndi manambala amene slicer inabwera nawo: gawo la mamilimita 0.2, nozzle pa madigiri 200, bedi pa 60, liwiro la mamilimita 50 pa sekondi. Sungani profile imeneyo ndi dzina lake, chifukwa mudzabwererako mukatha kuyesa kulikonse. Kabokosi kamodzi kamadya magalamu ochepa chabe pa sipulu ya kilogalamu. Kalikonse kakatuluka, lembani kunsi kwake ndi maka nambala imene munasintha.

Yambani ndi bodza lalikulu. Pitani pamene pamalembedwa kunenepa kwa filament, chotsani 1.75 mulembe 2.85. Nambalayi si yongopeka: makina ambiri a Ultimaker amagwiritsa ntchito filament yonenepa chonchi, ndipo anthu ambiri owonjezera makina awo pamanja mu Cura yakale ankaipeza ili kale pamenepo osadziwa. Slicer ikakhulupirira kuti filament ndi yonenepa, imakankha utali wochepa, poganiza kuti pang'ono pomwepo pakwanira. Mukawerengetsa, pulasitiki yotuluka imangokwana pafupifupi 38 pa 100 ya imene ikufunika. Kabokosi kamatuluka kopepuka, mizere yake yosakhudzana, makoma oonekera kuwala, ndipo mukakafinya ndi zala kamaphwanyika. Kayang'anitsitseni bwino. Nozzle yotsekeka pang'ono, giya yokankha filament yotha mano, kapena mkono wa pulasitiki wong'aluka wa extruder (chipangizo chokankha filament), zonse zimabala matenda omwewa, kungoti mochepera. Bwezerani 1.75, kenako kwezani flow, kuchuluka kwa pulasitiki yotuluka, kufika 120 pa 100 kuti muone mbali inayo: pamwamba pa kabokosi pokhakhala, nozzle ikulima m'pulasitiki yake yomwe, ndipo mukayeza ndi caliper mupeza kapitirira mamilimita 20.

Pa kutentha m'pofunika kukhalitsapo, chifukwa apa makutu amathandiza kuposa maso. PLA yambiri imafuna pakati pa madigiri 190 ndi 220. Tsitsani kufika 175 mukhale pafupi ndi makina. Mudzamva extruder ikulira "tha, tha, tha": mota ikukankha filament imene sinasungunuke mokwanira, ikulephera, n'kudumpha m'mbuyo. Nthawi zina giya imakukuta filament mpaka kusiya fumbi la pulasitiki pansi pake. Kabokosi kakatha, kamakhala kosawala, ndipo mukalowetsa chikhadabo pakati pa magawo amalekana, chifukwa gawo latsopano silinatenthe mokwanira kuti lisungunule pang'ono lapansi n'kugwirana nalo. Phokoso limeneli likachuluka imitsani makina, mwamva kale zimene mumafuna kumva.

Kenako kwezani kufika 230. Tsopano magawo agwirana zolimba, pamwamba pakunyezimira, koma makona afota, zilembo zing'onozing'ono zasungunukirana, ndipo nozzle ikudontha ngakhale isanayambe ntchito. Musapitirire 240 pa Ender 3 imene sinasinthidwe. Chubu choyera cha PTFE chimafika mpaka kukhudza nozzle, ndipo chikatentha kwambiri chimapsa, kuwonongeka, n'kutulutsa mpweya woipa. Kulakwitsa kumene ndikukulimbikitsani n'kowononga magalamu a pulasitiki basi. Makina ndi mapapo anu zisakhudzidwe. Pa chifukwa chomwecho, musachoke m'chipindamo pamene mukuyesa zonsezi.

OrcaSlicer ili ndi nsanja yoyesera kutentha imene imasintha madigiri yokha pamene ikukwera, ndipo ndi yothandiza. Komabe ndimakonda kuti munthu ayambe wapanga timabokosi tiwiri tija, kozizira ndi kotentha, chifukwa pa nsanja kusiyana kumabwera pang'onopang'ono ndipo diso losazolowera silikuona.

Pa retraction kabokosi kamodzi sikakwanira. Ikani tiwiri motalikirana mamilimita 50, kapena tizipilala tiwiri, kuti nozzle izidumpha pakati. Retraction ndi kukokera filament m'mbuyo pang'ono nozzle isanadumphe, kuti mphamvu yokankha pulasitiki ithe. Izimitseni. Pakati pa tizipilalato padzadzaza ulusi wonanda ngati therere mukalikweza ndi chipande. Mukaiyatsanso, kumbukirani kuti pa Ender 3 mota ili kutali ndi nozzle, filament imadutsa m'chubu chachitali cha Bowden, choncho pamafunika mamilimita 5 kapena 6. Makina amene mota yake ili pamwamba penipeni pa nozzle amangofuna pakati pa 0.5 ndi 2. Amene amakopera manambala a mnzake osafunsa kuti makina ake ndi otani amagwa apa. Kuchulutsa retraction kufika 10 kumakokera pulasitiki yofewa kumalo ozizira, kumene imauma n'kutseka njira. Mungayese kamodzi ngati muli okonzeka kumasula hotend, mbali imene imasungunula filament, n'kuitsuka, koma ngati simunaimasulepo, ingodziwani kuti zimatero.

Pali ulusi wina umene retraction singauthetse. Filament imayamwa chinyezi cha mumpweya, PETG kwambiri kuposa PLA, ndipo sipulu yokhala panja pa thumba lake nyengo yonse ya dzinja imanyowa ngakhale ikuoneka youma. Madziwo amawira mu nozzle, mumamva kuthetheka, ndipo pakhoma pamatuluka timabowo. Munthu amene anaonapo ulusi wa retraction yozimitsa amasiyanitsa msanga: uja unali wosalala ndi wachete, uwu ukubwera ndi phokoso ndi zipsera. Mankhwala ake ndi kuumitsa sipulu pa madigiri 45 mpaka 50 kwa maola angapo, n'kuisunga m'chidebe chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica.

Gawo loyamba ndilo limaliza anthu ambiri, ndipo lili ndi njira zingapo zoliwonongera. Apa gwiritsani ntchito kanthu kafulati kotambalala, mamilimita 100 m'litali, kokhala ndi makona akuthwa. Zimitsani kutentha kwa bedi, yatsani fani 100 pa 100 kuyambira gawo loyamba, ndipo liwiro la gawolo mulikweze kuchoka pa 20 kufika 60. Apa pokha ndikuloleza kusintha zitatu pamodzi, chifukwa zonse zikukokera mbali imodzi. Pulasitiki ikamazizira imafupika. Magawo apamwamba akamafupika amakoka apansi, ndipo ngati lapansilo silinamatirire bwino, makona amadzuka. Mudzaona kona imodzi ikunyamuka pang'onopang'ono mpaka nozzle itaigunda. Chinthu chikangosuntha pa bedi, imitsani nthawi yomweyo, chifukwa pulasitiki imayamba kuunjikana kuzungulira nozzle ndipo ingakwirire mawaya a heater ndi thermistor. Mukatero bwezerani manambala atatuwo imodziimodzi, muone imene ikuthandiza kwambiri pa bedi yanu, kenako muwonjezere brim (mkombero wopyapyala wozungulira gawo loyamba) ya mamilimita 5 muone mmene imagwirira makona.

Mu PrusaSlicer muli malo a Z offset. Lembanipo 0.2 kuti nozzle ikwere. Mizere ya gawo loyamba idzatuluka yobulungira, yosakhudzana, yoti mukaikhudza ndi chala imasuntha. Mzere wabwino umakhala wophwatalala pang'ono, wolumikizana ndi mnzake. Mbali yotsitsa musapitirire 0.05 kapena 0.1, chifukwa nozzle ya brass ikakanda bedi chipsera chake sichichoka. Ngakhale pang'ono pomwepo mudzaona gawo lopyapyala loonekera mkati, ndi m'mphepete motambalala kuposa thupi lonse. Kutambalala komweko kumabweranso mukakweza bedi kufika madigiri 75, chifukwa PLA imayamba kufewa ikafika cha m'ma 60 ndipo magawo apansi amaphwanyidwa ndi amene ali pamwamba. Kufewa kumeneku n'kumenenso kumapinda chinthu cha PLA chosiyidwa m'galimoto yotseka padzuwa la Okutobala.

Kutalika kwa gawo sikufuna nthawi yambiri. Lembani 0.4 pa nozzle ya 0.4, ngati slicer ingakuloleni, ndipo muona magawo akungogona pamwamba pa anzawo osafinyidwa. Malire ake ndi pafupifupi 80 pa 100 ya nozzle, kutanthauza 0.32.

Liwiro lili ndi msampha. Mukalemba 200 pa kabokosi ka mamilimita 20 mwina simuona kusintha, n'kuganiza kuti makina anu ndi amphamvu. Zoona zake n'zakuti pa mtunda waufupi chonchi mutu wa makina sufika pa liwiro limenelo, umayamba kuchepetsa usanathamange, komanso slicer imachedwetsa dala gawo laling'ono kuti lipeze nthawi yozizira. Yesani pa chinthu chachitali mamilimita 150. Chulukitsani kutalika kwa gawo, kutambalala kwa mzere ndi liwiro: 0.2 ndi 0.4 ndi 50 zimapereka ma cubic milimita 4 pa sekondi, pamene 200 imafuna 16. Hotend wamba imasungunula pafupifupi 10 mpaka 12. Pakati pa khoma lalitali, pamene liwiro lafika pachimake, pulasitiki idzachepa ndipo kulira kwa extruder kuja kudzabwerera, ngakhale kutentha kuli pa 200. Apa m'pamene munthu amamvetsa kuti kutentha ndi liwiro ndi nkhani imodzi.

Poyesa fani, tengani 3DBenchy, kabwato ka mamilimita 60 kamene kampani ya Creative Tools ya ku Sweden inatulutsa mu 2015 kuti anthu aziyesera makina. Zimitsani fani. Kutsogolo kwa bwato, kumene khoma limapendekera kunja, kudzakwinyika, pamwamba pa zitseko ndi mawindo padzalendewera, ndipo chumuni idzasungunuka chifukwa gawo lililonse likugwera pa linzake lisanaume. Khoma lopendekeka mpaka madigiri 45 limatha kudziimira lokha fani ikamagwira ntchito. Kupitirira apo n'kumene support imayamba kufunika. Mukafuna kuona kuipa kwa infill (pulasitiki yodzaza mkati) yochepa, ikani 5 pa 100 ndi gawo limodzi lokha la denga. Denga lidzabooka. Pa 0.2 pamafunika magawo anayi kapena asanu.

Ambiri amakhulupirira kuti chinthu cholimba ndi cha infill ya 100 pa 100. Sindikizani timitengo tiwiri togona, kamodzi ka makoma awiri ndi infill ya 50, kena ka makoma asanu ndi infill ya 15, muyese kutipinda ndi manja. Chinthu chikamapindika, kunja n'kumene kumasenza katundu wambiri, choncho pulasitiki yoikidwa m'makoma imagwira ntchito kuposa yodzaza pakati.

Kulakwitsa komaliza kulibe nambala. Jambulani kapena pezani kangowe kokolekapo chikwama, mukaimike chilili pa bedi ya mu slicer, monga kadzakhalire pakhoma. Ikani makoma asanu, infill ya 100, kutentha koyenera, zonse bwinobwino. Kakatha, kolekanipo katundu kapena kakokeni ndi dzanja. Kadzathyoka mosalala pamzere umene magawo awiri anakumana, chifukwa mgwirizano wa gawo ndi gawo ndi wofooka kuposa ulusi wa pulasitiki umene nozzle inayala mosadukiza. Tsopano kagonekeni chammbali, kuti kupindika konse kwa ngowe kukhale m'gawo limodzi ndipo ulusi uzungulire kuchokera kumutu mpaka kunsonga. Manambala akhale omwewo, filament yomweyo, ndipo kolekanipo katundu yemwe uja.