Chitamando kwa Cheat Code, Mbava Yosaba Kanthu

Pa zonse zimene makolo amaloza chala akamadandaula za magemu a pa kanema, palibe wonyozeka ngati cheat code. Thupi lake n'lochepa: timawu tiwiri titatu tolemba pa kiyibodi, kapena mabatani khumi osindikiza motsatizana. Koma akangolowa m'gemu, msilikali wa mwana wanu safanso, zipolopolo sizitha, ndalama zimadzaza thumba thukuta lisanatuluke. Pa chifukwa chimenechi akulu amutcha mayina onse oipa: likasa la m'magemu, mphunzitsi wa ulesi, sukulu ya mkaka ya katangale. Ine ndaima kumbali yake. Mkulu ameneyu tamulakwira, ndipo akadakhala munthu bwenzi tikumuyalira mkeka kutsogolo ndi kumuwombera m'manja mogwada. Pa njira zonse zachidule zimene mwana angakumane nazo m'magemu, ndi iye yekha amene sanama, sabera munthu, ndiponso salipiritsa ngakhale tambala.

Tiyambe ndi mtundu wake, poti munthu amadziwika ndi kumene anachokera. M'zaka za m'ma 1980 magemu ambiri ankayambira pa makina oponyamo ndalama yachitsulo, ndipo phindu la mwini makina linali pa imfa ya wosewera: ukafa msanga, uponyanso ina msanga. Kuvuta kwa magemuwo sikunali maphunziro a kupirira monga mmene ena amakumbukirira lero, inali bizinesi. Magemu aja atayamba kusamutsidwira m'makina a kunyumba, nkhanza zija zinasamuka nawo. M'chaka cha 1986 Kazuhisa Hashimoto wa kampani ya Konami ku Japan anapatsidwa ntchito yosamutsira gemu ya Gradius pa makina a Nintendo, ndipo anapeza kuti iye mwini ikumukanika kuisewera mpaka kutsogolo kuti aone ngati zonse zili bwino. Anadzikonzera kakhomo kakumbuyo: m'mwamba kawiri, pansi kawiri, kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja, B, A, ndege yako n'kudzaza zida. Gemu inapita kumsika kakhomoko kali chitsegukire. Pofika 1988 mabatani omwewo ankapatsa wosewera Contra miyoyo 30 m'malo mwa itatu, ndipo ana ambiri a ku America anaona mapeto a gemuyo chifukwa cha iwo. Onani tsono, cheat code wotchuka kuposa onse sanabadwe kwa mwana waulesi. Anabadwa kwa bambo wapantchito, wolandira malipiro, amene anagonja pa gemu ya kampani yake yomwe. Ku Britain zinafika poposa apa. Gemu ya Jet Set Willy ya 1984 inatuluka ndi zolakwika zoti munthu sakanatha kuimaliza ngakhale atakhala katswiri wotani, ndipo kampani yake, Software Projects, inachita kufalitsa yokha timalamulo totchedwa POKE toti osewera alowetse m'kompyuta kuti gemuyo itheke. Amene anakana kukhudza m'kati mwa gemu, ati poti iye ndi wachilungamo, ankangozungulira m'nyumba ya Willy mpaka kalekale.

Mkuluyu anaimapo ngakhale pamaso pa oweruza, n'kutuluka wopanda banga. M'chaka cha 1990 kunabwera kachipangizo kotchedwa Game Genie, kopangidwa ndi Codemasters ya ku England ndipo kogulitsidwa ku America ndi kampani ya Galoob. Unkalumikiza katiriji ya gemu pa kachipangizoko, n'kulemba zilembo zingapo, Mario n'kuyamba kudumpha kuposa mmene anamulengera. Nintendo inapsa mtima, inati uku n'kuwononga ntchito yake, ndipo inatenga chiletso kukhoti kuti malondawo aime. Koma mu 1991 woweruza Fern Smith anagamula kuti banja limene lagula gemu ndi ndalama zake lili ndi ufulu woisewera mmene likufunira m'nyumba mwake. Khoti la apilo linavomereza chigamulocho mu 1992, ndipo pambuyo pake Nintendo inalipira Galoob madola 15 miliyoni chifukwa cha malonda amene anaima aja. Mwa onse amene amamujeda cheat code pakhonde madzulo, ndi angati ali ndi chigamulo cha makhoti awiri chowayeretsa?

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo yoyamba ndi ya likasa: mwana wozolowera kubera pa gemu adzaberanso mayeso, akadzakula adzabera boma. Mawuwa ndi okoma kumva, koma tiyeni tifunse kuti wabedwa ndani. Likasa lili ndi olira ake: mnzake wa m'kalasi amene anagona mochedwa akuwerenga, sukulu imene yapereka malo kwa wosayenera, wodwala amene tsiku lina adzagwidwa ndi dzanja losadziwa ntchito. Nanga mtsikana amene walemba motherlode mu The Sims 2, n'kulandira ndalama 50,000 za m'gemumo kuti amangire nyumba yosanja anthu amene kulibe, walanda chiyani, kwa yani? Ndalama zimenezo sizichoka m'thumba la munthu, ndipo sizingagule ngakhale chitumbuwa chimodzi. Komanso cheat code sachita zake mumdima. Mu Doom ya 1993, ukalemba IDDQD kuti usafe, maso a kankhope ka msilikali kamene kali m'munsi mwa sikirini amasanduka agolide, aliyense wodutsa kumbuyo kwako n'kudziwa zimene wachita. Mu Grand Theft Auto: San Andreas ya 2004 sikirini imalengeza pomwepo kuti cheat yalowa, ndipo gemuyo imasunga chiwerengero cha maulendo onse amene wabera. Magemu ambiri a masiku ano amakukaniza mendulo zawo zaulemu ukangotsegula ma cheat. Ndi wakatangale uti, mu ofesi iti, amene amadzilemba yekha m'kaundula nthawi iliyonse akalandira kangachepe, n'kukananso yekha kukwezedwa pantchito? Tikadakhala ndi mbava za mtundu umenewu, mabungwe olimbana ndi ziphuphu akadasowa chochita.

Mfundo yachiwiri ndi yolemera, ndipo sindiipeputsa. Kukoma kwa gemu kuli pa kugwa ndi kudzuka, ndipo mwana amene walumpha zovuta zonse wadzimana chimwemwe cha munthu amene wagwetsa chilombo chitamupha kambirimbiri. Zoona. Koma amene amaphunzitsa mwana zimenezi mwachangu kuposa onse ndi cheat code yemweyo. Mpatseni mwana moyo wosatha ndi zida zonse: ola loyamba aseka, lachiwiri ayasamula, lachitatu lisanathe azimitsa yekha n'kuyambiranso mwachilungamo. Alaliki atha zaka akutiuza kuti kukhala ndi zonse sikukhutitsa mtima. Mkuluyu amamaliza ulaliki umenewu masana amodzi, popanda kuyendetsa mbale ya chopereka. Za ulesi nazo n'zokayikitsa. Ana owerenga Nintendo Power, magazini imene inayamba mu 1988, ankakopera ndi kuloweza mizere ya zilembo mosaphonya ngakhale chimodzi, poti ukaphonya palibe chimene chimachitika. Anzawo a ku Britain, pa timakompyuta ta ZX Spectrum, ankasaka malo enieni m'kati mwa kompyuta pamene pasungidwa nambala ya miyoyo kuti aisinthe, ndipo ena anaphunzirira pomwepo kulemba mapulogalamu. Mwana wa lero wosewera Minecraft akatsegula ma cheat kuti adzisamutse kuchoka pano kupita uko, ayenera kulemba manambala atatu a x, y ndi z, ndipo akasokoneza amapezeka ali m'kati mwa thanthwe kapena akugwa kuchokera kumitambo. Masamu amene akanawathawa pa bolodi akuwachita mwa kufuna kwake, popanda womukakamiza ndi mkwapulo. Ukaipa dziwa nyimbo, ndipo ameneyu nyimbo amaidziwa.

Umboni woposa wonse ndi wakuti adani ake akale anamulemba ntchito, kungomusintha dzina ndi kumuveka suti. Nintendo yomwe ija ya kukhoti, mu New Super Mario Bros. Wii ya 2009, inaika chimene inachitcha Super Guide: ukafa kasanu ndi katatu pamalo amodzi pamatuluka kabokosi kobiriwira, ukakagunda Luigi amabwera kudzakudutsira. Gemu ya Celeste ya 2018, yodziwika ndi kuvuta kwake, ili ndi Assist Mode imene imalola wosewera kuchepetsa liwiro la gemu kapena kusafa n'komwe, ndipo oipanga anatamandidwa chifukwa choganizira anthu amene manja kapena maso awo sangathamange pa liwiro la anzawo. Zimene Hashimoto anadzichitira mobisa lero zili poyera pa menyu, zikulandira ulemu.

Sindibisa kuti pa banja lililonse pamakhala zochititsa manyazi. Mu 1993 gemu ya Mortal Kombat inatuluka pa makina a Sega Genesis magazi ake atabisidwa, koma mabatani a ABACABB ankawatsegula, ndipo chinsinsicho chinafala msanga pakati pa ana. Mu Disembala chaka chomwecho aphungu awiri a nyumba ya Senate ku America, Joe Lieberman ndi Herb Kohl, anaitanitsa makampani a magemu kudzayankha za chiwawa, ndipo mu 1994 kunabadwa bungwe la ESRB loika msinkhu woyenera pa gemu iliyonse. Koma magaziwo anawajambula ndi kampani; cheat code anangotumidwa kusunga kiyi. Chimodzimodzi mwana wamng'ono amene akusindikiza ma cheat a San Andreas m'kashopu ka magemu pa msika wa m'tauni: vuto si madola 250,000 abodza amene walandira, vuto ndi lakuti gemuyo analembapo kuti ndi ya akulu, ndipo wina anatseka maso n'kulandira ndalama yake pakhomo. Palinso wina wonamizira ubale, pulogalamu ija yolozetsa mfuti yokha kapena yoonera adani kuseri kwa khoma pa magemu a pa intaneti. Ameneyu si wa mtundu uno. Sanaikidwe ndi opanga gemu, amabisala, ndipo kutsidya kuli munthu weniweni amene akulandidwa chipambano chake. Likasa lenileni ndi ameneyo, ndipo pamene kampani ya Epic Games inasumira osewera ena a gemu ya Fortnite mu 2017, mmodzi wa iwo mnyamata wa zaka 14, inkalimbana ndi ameneyo. Malire ake ndi osavuta ngakhale kwa mwana wa sitandade 3: ngati kutsidya kuli mnzako amene sanavomereze, zala zisafike pamenepo.

Tsopano funsani kuti mkulu wathuyu ali kuti masiku ano, poti m'magemu ambiri atsopano simumupeza. Kodi makampani analapa, n'kutseka njira zachidule kuti ana aphunzire kupirira? Ayi ndithu. Njirazo zilipo, anangoikapo wotolera ndalama. Mu Candy Crush Saga muli miyoyo isanu. Ikatha, dikira mphindi 30 kuti ubwerere umodzi, apo ayi lipira. Mu 2017 osewera Star Wars Battlefront II anawerengetsa kuti pafunika maola pafupifupi 40 kuti munthu atsegule Darth Vader, pamene mabokosi amwayi ogula ndi ndalama zenizeni ankapatsa mphamvu msanga amene thumba lake n'lolemera. Mkwiyo unakula mpaka kampani ya EA inaimitsa malondawo kutatsala maola ochepa kuti gemu ituluke. Mu 2018 bungwe loona za juga ku Belgium linagamula kuti mabokosi otere, m'magemu monga FIFA 18, ndi juga basi. Mu Disembala 2022 Epic Games yomwe ija inavomera kulipira madola 520 miliyoni pa milandu imene bungwe la boma la America la FTC linaiimba, ndipo 245 miliyoni mwa ndalamazo zinali zobwezera anthu amene anagulitsidwa zinthu asakufuna, ena a iwo makolo amene ana awo anangosindikiza batani, ndalama n'kuchoka pa khadi. Uku n'kukumba dzenje panjira usiku, m'mawa n'kuyalapo thabwa, n'kumalipiritsa aliyense wowoloka. Miyoyo 30 ya Contra inali yaulere, ya mwana wa bwana ndi mwana wa mlonda chimodzimodzi, ndipo ukamuuza mnzako chinsinsicho pa buleki, chako sichinkachepa. Chodabwitsa n'chakuti mwana wogula mphamvu ndi khadi la abambo ake palibe amene amamutcha wakuba, amatchedwa kasitomala. Dzina loipa lija linatsalira wosauka amene analoweza mabatani khumi.

Choncho inu mayi, inu bambo, mwana akabwera kudzapempha chilolezo choti alembe timawu take pa gemu imene akusewera yekha, gemuyo ili ya msinkhu wake, muloleni. Mukafuna mumuuze ayambe wayesa ndi mphamvu zake kangapo, poti ulemu wa mkuluyu umakula akamaitanidwa mwa apo ndi apo. Akatopa nawo moyo wosathawo musamuseke. Ndipo mphamvu zimene mukanataya pomukalipira zigwiritseni ntchito usiku uno: tengani foni imene amasewererapo, lowani pamene pamagulidwa zinthu, muikepo pasiwedi imene iye saidziwa.