Mpando wa Komiti ya Dishi

Pa maudindo onse amene munthu angasenzetsedwe pansi pa thambo, palibe wokalambitsa mwamuna msanga monga upampando wa komiti yoyang'anira wailesi ya kanema ya pamudzi. Ndipo ndinena ichi ine mwini, pakuti mpandowo ndaukhala kuno kunsi kwa phiri la Dedza, kumene milongoti ya mawailesi yaima pamwamba pa mitu yathu, koma chithunzi chimafika pamene chafunira chokha.

Ana a lero sadziwa kuti m'masiku a Ngwazi dziko lino linalibe wailesi ya kanema yakeyake, kufikira 1999 pamene Television Malawi inatsegulidwa. Sadziwanso kuti bungwe la MACRA, lobadwa ndi lamulo la 1998, ndilo limapereka ziphaso ndi kuunika mitengo ya ofalitsa mawu ndi zithunzi. Ife eni mudzi, pozindikira kuti mutu umodzi susenza denga, ndi kuti thumba limodzi silingadyetse dikoda mwezi ndi mwezi, tinapangana kusonkha za mbatatesi zathu, kumanga kanyumba koonereramo mpira, ndi kusankha munthu wokhwima nzeru woyang'anira zonsezo. Anasankha ine, pakuti khonde langa lokha ndilo linali ndi magetsi.

Mu Ogasiti 2023, pamene MACRA inali itapita kubwalo la milandu kukaletsa kukwera kwa mitengo ya DStv, ndipo eni ake a MultiChoice analengeza kuti akuchotsa ntchito yawo m'Malawi, palibe amene anafuula kuposa ine. Ndinaima pamsika, chikhotho chili m'khosi, ndi kulalikira kwa ogulitsa kabichi kuti wokweza mtengo popanda chilolezo cha omuyang'anira sasiyana ndi wamsonkho wa m'Malembo asanatembenuke mtima. Anthu anaomba m'manja. Mlanduwo unatha mu Disembala, zithunzi zinabwerera, koma mwezi wa Novembala unali utatisiyira chake: kwacha inatsika mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo simenti inakwera osatsazika munthu.

Tsono mlaliki wa pamsika uja, poona kuti khoma la kanyumba kaja laima pa mazenera ndipo mmisiri wayamba kundilonjera moyang'ana kumbali, anakweza chopereka cha pamwezi yekhayekha usiku, ndi kulemba mtengo watsopano pa katoni imene anakhoma pamtengo wa pichesi. Kusanache bwino anafika amayi asungichuma, chitenje chili pamutu chifukwa cha chisanu, kope la maina lili kukhwapa, nagwada pang'ono monga mwa ulemu, nati, "Pepani a wapampando, kodi mtengo uwu unadutsa pa komiti iti?" Ndinafotokoza za kwacha, za simenti, za malata. Iwo anamvetsera modekha kufikira ndinatha, kenaka anandibwezera ulaliki wanga wa pamsika, mawu ndi mawu, osasiyapo ngakhale wamsonkho uja. Katoniyo anaikhomola okha, napita nayo kukakolezera moto.

Kanyumbako kakali pa mazenera mpaka lero, ndipo mbuzi za a mfumu zakapeza kukhala kosamalika bwino; njerwa zotsala zikuchepa mwa njira imene komiti ikufufuzabe. Dishi ili padenga langa, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi, mphepo ikatsika paphiri pamodzi ndi nkhungu yake, imaipotoza pa nthawi imene mpira wafika pokoma. Pamenepo maso onse amatembenukira kwa wapampando. Ndimakwera makwerero, zala zitauma gwa, ndi kuigwira dishiyo m'mphepete, pamene a pansi akufuula kuti, "Kumanzere pang'ono! Mwapitirira! Pomwepo, musasunthe!" Sindisuntha. Zigoli zambiri za nyengo yathayi ndinazimva ndi makutu ndili pamwamba, ndipo amayi a kunyumba, amene kale ankanyadira kukhala mkazi wa wapampando, tsopano amangotumiza mwana ndi mpango kuti, "Uwapatse abambo ako asatifere padenga."

Msonkhano wa pachaka uliko Loweruka likudzali, pansi pa mtengo wa pichesi womwewo. Amene ali ndi ngongole ya chopereka abwere nayo, pa mtengo wakale. Ndipo amene mtima wake ukukhumba mpandowu abwere ndi makwerero ake, pakuti anga sali m'gulu la katundu wa komiti.