Mmene mungafere pa kauntala ya banki mukumwetulira

Achimwene ndi achemwali amene mwangoyamba kumene ntchito ya banki kuno ku Thyolo, takulandirani. Kaya muli pa kauntala ku boma kapena ku Luchenza, kaya ndinu ejenti wa pa Makwasa wokhala ndi foni ziwiri ndi kope lolembamo manambala, mbiri yawanda kale kumudzi kuti mwalemera. Tsono masiku ano kwabuka chiphunzitso chachilendo chakuti wantchito azisamala thupi lake ndi maganizo ake. Malangizo awa akutetezani kuti musasochere nacho.

Choyamba, phunzirani kumwetulira. Tsiku la malipiro likafika, mzere umayamba chitseko chisanatsegulidwe. Mumakhala othyola tiyi, akapitawo, aphunzitsi, anamwino, ndi ena amene akwera kabaza kuchokera cha ku Thekerani kusanache. Nthawi yomweyo ndi imene netiweki imagwa. Musayerekeze kunena kuti vuto lili ku likulu. Netiwekiyo mwaibisa ndinu, ndipo mzere wonse ukudziwa. Bambo wina akakulozani chala n'kufunsa kuti, "Kodi achimwene, ndalamazo n'za bambo anu?" inu muziti, "Pepani bambo, tangodikirani pang'ono," mano ali mbee. Mkwiyo muzimeza. Malo m'mimba alimo ambiri, popeza simunadye.

Chachiwiri ndi chomwecho cha kudya. Nkhomaliro ndi ya anthu osowa chochita. Madzi musamwe, chifukwa womwa madzi amafuna kukataya madzi, ndipo kauntala ikatsala yokha kwa kamphindi, abwana amamva kung'ung'udza ali mu ofesi. Tiyi yekha ndiye wololedwa, poti tili kwawo kwa tiyi. Muthireni m'kapu m'mawa, muikeni pambali pa chidindo, mudzamupeze madzulo atazizira.

Chachitatu, kondani kuwerenga. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kwa ena imeneyi inali nkhani ya pa wailesi, koma kwa inu ndi masewera olimbitsa zala, chifukwa katundu yemwe uja tsopano akufuna mtolo wokulirapo. Miliyoni imodzi ndi mapepala 200 a K5,000, ndipo ikabwera ya K1,000 yokhayokha ndi mapepala 1,000. Ndiye pamafika mayi wa geni ya nthochi. Amamasula mfundo ya pa chitenje, n'kukhuthula ma K200 ndi ma K500 opindikapindika, onyowa ndi chiperoni, ena omata ndi selotepi. Makina owerengera amawalavula. Inu nyowetsani chala pa siponji, muwawongole limodzilimodzi, uku mayiyo akuwerenga nanu mokweza ndipo wa kumbuyo kwake akutsonya. Madzulo chitseko chikatsekedwa, anthu a panja amaganiza kuti mwaweruka, osadziwa kuti ntchito yayamba kumene. Pepala limodzi likasowa, imeneyo ndi shoti, ndipo palibe wopita kwawo isanapezeke. Ikapanda kupezeka musade nkhawa, malipiro anu akudziwa njira yokatsekera dzenjelo.

Chachinayi, lemekezani tageti. Wothyola tiyi ku esiteti amapita ndi dengu lake pa sikelo, kapitawo amalemba makilogalamu, dzuwa likapendeka amabwerera kwawo. Dengu lanu ndi la maakaunti atsopano, ngongole ndi inshuwalansi, koma lili ndi khalidwe lina: mukalidzaza chaka chino, chaka chamawa amakupatsani lokulirapo monga mphotho. Choncho musataye mpata. Pa chinkhoswe tengani mafomu. Pa maliro dikirani mwambo uthe, kenako mukumbutse anamfedwa za ubwino wa inshuwalansi. Pa Makwasa ndiye muli ndi mwayi wapadera, chifukwa a Adventist amapemphera Loweruka, mipingo ina Lamulungu. Amenewo ndi masiku awiri a msika pa sabata, ndipo tsiku lopuma silikusowetsaninso mtendere.

Chachisanu, musakhumudwitse abale. Munthu wovala tayi, wogwira ndalama tsiku lonse, sangakhale wopanda ndalama. Fizi ya mwana wa achemwali ndi yanu, feteleza wa amalume ndi wanu, bokosi la maliro a apongozi a msuweni wanu ndi lanunso. Musakane, angakuneneni kuti sukulu inakuchotsani umunthu. Yambani ndi ngongole ya kuntchito. Ikatha, lowani banki m'khonde. Kumeneko kukatentha, alipo a katapila, amene amakonda kwambiri anthu a ku banki chifukwa sangayerekeze kukuwa. Masana muzilangiza makasitomala za kasungidwe ka ndalama, usiku muzizimitsa foni.

Chachisanu ndi chimodzi n'cha inu ma ejenti a Airtel Money, Mpamba ndi mabanki osiyanasiyana. Fuloti ikatha tsiku la malipiro, vomerezani kuti ndinu mbava. Gogo akatumiza ndalama kwa wakuba amene anamulembera uthenga wabodza pa foni, vomerezaninso, poti batani munadina ndinu. Poweruka muzisinthasintha njira, chikwama muzigona nacho kumutu, galu akauwa muzidzuka. Tulo ndi ta anthu opanda mpamba.

Chachisanu ndi chiwiri, ndipo ichi n'chachikulu, musawerenge lamulo la za ntchito la chaka cha 2000. Muli zinthu zoopsa. Limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo ola la ovataimu pa tsiku wamba lizilipidwa ngati ola limodzi ndi theka, pa tsiku lopuma ngati maola awiri. Limati wogwira masiku asanu pa sabata ali ndi masiku 15 a tchuthi pa chaka, wogwira masiku asanu ndi limodzi ali ndi 18. Limati mayi akabereka apume masabata osachepera asanu ndi atatu akulandira malipiro onse. Kulinso khoti lapadera la milandu ya pantchito, Industrial Relations Court. Munthu akadziwa zoterezi amayamba kuyang'ana wotchi, ndipo woyang'ana wotchi sakwezedwa. Tchuthi chanu chisungeni chaka ndi chaka, mudzachidyere pamodzi pa bedi la ku chipatala.

Chachisanu ndi chitatu, thupi likayamba kudandaula, musalimvere. Mutu ukamawawa masana alionse, khosi likauma, mtima ukamagunda foni ya abwana ikalira, mukamakalipira ana popanda chifukwa, gulani panado pa golosale. Chipatala cha Malamulo chili pomwepa pa Makwasa, ndipo kuyeza BP sikutenga nthawi, koma mukayezetsa akupezani nayo. Amuna ndiye musatchule n'komwe za nkhawa, paja mwamuna salira. Lachisanu madzulo kabotolo kalipo, Loweruka kenanso. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, linavomereza mu 2019 kuti kutheratu mphamvu chifukwa cha kupanikizika kosatha pantchito ndi vuto lenileni lochokera kuntchitoko. Mu 2022 bungweli pamodzi ndi la za ntchito pa dziko lonse, ILO, linanena kuti dziko lapansi limataya masiku a ntchito okwana 12 biliyoni pa chaka chifukwa cha nkhawa ndi kukhumudwa. Inu muziti zimenezo n'za azungu.

Abwana nawo sitinawaiwale. Mukaona kuti antchito afooka, musalembe wina wowonjezera, n'zodula. Konzani tsiku la zaumoyo. Likhale Loweruka m'mamawa, aliyense abwere mokakamizidwa, avale tisheti ya kampani, adumphedumphe pa bwalo, amve mlendo wochokera ku Blantyre akuwaphunzitsa kupuma mokoka mpweya. Jambulani zithunzi, muike pa Facebook. Lolemba makauntala anayi akhalebe ndi anthu awiri.

Amene watsatira zonsezi mokhulupirika adzapatsidwa ulemu waukulu. Kampani idzagula nkhata ya maluwa, abwana adzayankhula kumanda kuti anali wolimbikira, ndipo pa kauntala pake padzakhala wina sabata isanathe.

Koma ngati mukufuna kudzadya penshoni yanu nokha, chitani zosemphana ndi zonsezi. Idyani masana, tengani tchuthi chanu chaka chomwecho, lembani maola amene mwagwira, kayezetseni BP, ndipo maganizo akalemera uzani mnzanu, m'busa kapena dokotala, poti mutu umodzi susenza denga. Abale auzeni poyera malire a thumba lanu. Ndipo inu eni mabanki, amene chaka ndi chaka mumalengeza m'nyuzipepala phindu la mabiliyoni, lembani anthu okwanira, lipirani ovataimu, ndipo tageti izigwirizana ndi matumba a anthu a ku Makwasa.