Ulemu upite kwa wotchi yakufa ya ku Nsaru

Mu Novembala 2019, mumzinda wa Geneva ku Switzerland, wotchi imodzi ya Patek Philippe yotchedwa Grandmaster Chime inagulidwa pa okushoni ya Only Watch pamtengo wa mafaranki 31 miliyoni a dzikolo. Akuti yachitsulo ngati imeneyo anapanga imodzi yokha. Mu 2017 ku New York, Rolex Daytona imene ankavala katswiri wa mafilimu Paul Newman inapita pa madola 17.8 miliyoni kunyumba ya okushoni ya Phillips. Dziko linawomba m'manja. Koma wotchi imene imavalidwa kuno ku Nsaru, imene inasiya kuyenda mvula ya dzana, palibe waiimbira nthungululu. Ntchito imeneyo ndaitenga ine.

Okushoni si nkhani yachilendo kwa ife alimi a fodya. Mabelo athu amapita ku Kanengo, ogula amadutsa mumzere osaima, ndipo thukuta la chaka chonse limapatsidwa mtengo munthu asanameze malovu. Pa ndalama zotsala ngongole ya feteleza itadulidwa, bambo wanzeru amapatulapo pang'ono n'kugula wotchi pa benchi la pamsika. Yonyezimira, yolemera padzanja, yolembedwa Rolex. Nthawi zina chilembo chimodzi chimasowa, koma amenewo ndi mavuto a anthu a ku Geneva.

Imayenda miyezi ingapo. Kenako batire imatha, kapena madzi amalowa bamboyo akuthirira nazale, mivi n'kuima. Apa ndi pamene ulemerero wake umayambira.

Onani zimene achuma aja amachita akagula wotchi zawo. Amazitsekera m'mabokosi achitsulo, kuopa akuba ndi kukalika kwa galasi, ndipo akafuna kudziwa nthawi amayang'ana pa foni. Ndiye kuti alipira mamiliyoni kuti wotchi isagwire ntchito. Yathuyi inafika pa udindo womwewo popanda kuvutitsa munthu, komanso siibisala. Imapita kutchalitchi, kuchinkhoswe, kumaliro, ngakhale kubwalo la a mfumu, kumene mwini wake amakwinya dzanja la malaya pang'ono asanayambe kulankhula za malire a munda. Mboni yovala wotchi anthu amaimvetsera. Ikaloza kumene kunali mtengo wa mango wa malemu agogo, dzuwa limawala pa galasi, ndipo mbali inayo imayamba kukayikira mlandu wawo.

Nanga za kusowa kwake? Osonkhanitsa wotchi amanyadira nambala yolembedwa kumbuyo, kuti mwa wotchi zana limodzi zokha, yawo ndi yachisanu. Bwerani kuno mudzaone. Lamba wake anaduka, anamulumikiza ndi waya wochokera m'wailesi yakale. Galasi lili ndi mng'alu umene unabwera tsiku limene ngolo inagubuduzika pa msewu wa ku Kabudula. Muvi wautali unagwa ndipo umangoyendayenda mkati munthu akagwedeza dzanja. Yofanana nayo simungaipeze, ngakhale ku fakitale kumene inachokera.

Ndipo ili ndi khalidwe. Wotchi yamoyo ndi kapitawo wa pa esiteti: imakuuza kuti wachedwa, imakukumbutsa kuti msonkhano wa kalabu ya alimi unayenera kuyamba kalekale. Yakufayi siinakanganitsepo munthu ndi mnzake. Mwana akafunsa kuti, "Agogo, nthawi ili bwanji?" agogowo amakweza dzanja mwaulemu, amayang'ana wotchi, amaponya diso kumwamba kumene kuli dzuwa, n'kuyankha kuti, "Ikuthamangira 2 koloko, mdzukulu wanga." Ndipo salakwitsa kwambiri. Ana a sukulu ali ndi belu lawo la chitsulo cha gudumu la galimoto, tambala amagwira ya m'bandakucha, mimba imanena ya nkhomaliro. Wotchi yatsala ndi ntchito imodzi, yopatsa munthu ulemu, ndipo imeneyo imaigwira usana ndi usiku popanda batire.

Alipo ena, makamaka anyamata obwera kuchokera ku Joni, amene amati bwanji osangoika batire yatsopano, si yodula. Amenewa musawamvere. Ndinaonapo bambo wina atamvera malangizo otere. Wotchi inadzuka, ndipo sabata yomweyo mayi a kunyumba anayamba kumufunsa kuti anachoka nthawi yanji ku bawo.