Mutu ukakula sulewa nkhonya, ngakhale za pa WhatsApp

Akale a ku Kabwazi, kumapiri ozizira a Dedza, akamati mutu ukakula sulewa nkhonya ankanena za nyakwawa. Mbuzi zikadya chimanga cha eni, malire a munda wa kachewere akasunthidwa usiku, maliro akagwa, mudzi wonse umathamangira kwa iyeyo. Lero mwambiwu wamanga chikwama, wakwera minibasi, wakalembetsa ku yunivesite.

Kumeneko wophunzira wa chaka choyamba amatchedwa yearo, ndipo amene anayamba kale ndi konti. Mwana wa ku Kabwazi amene dzina lake latuluka pa mndandanda wa NCHE wa osankhidwa kupita ku yunivesite, kaya wapita ku LUANAR ku Bunda, kaya ku UNIMA ku Zomba, amapeza makonti atakonzeka kumuphunzitsa utsogoleri. Mwina konti wangomuposa ndi chaka chimodzi chokha, koma asanalankhule amayamba wakhosomola ngati gogo amene anaona njala ya 1949.

Phunziro loyamba ndi udindo wa class rep, woimira kalasi. Makonti amautamanda kwabasi: aphunzitsi amakudziwa dzina, gulu la WhatsApp la kalasi limakhala m'manja mwako, ndipo udindowo udzakometsa CV. Yearo amakweza dzanja, anzake n'kuwomba m'manja mokondwa, poti apulumuka.

Sabata isanathe, nkhonya zayamba. Nthawi ya kalasi ikasintha, wolakwa ndi class rep. Wina akaiwala tsiku lopereka asayimenti, wolakwa ndi class rep. Wofuna kudziwa za ngongole ya HESLGB, bungwe lokongoza ophunzira ndalama lomwe linakhazikitsidwa mu 2015, amaimba foni pakati pa usiku, osaganiza kuti mtsogoleriyo nayenso wagonera madzi. Nyakwawa ya ku Kabwazi imalandirako nkhuku pa mlandu. Class rep amagula yekha bandulo ya intaneti kuti awerenge mauthenga omunyoza.

Apa m'pamene phindu la makonti limaoneka. Amamuuza kuti asamayankhe pagulu mtima uli m'mwamba, asamalonjeze zimene zili m'manja mwa mphunzitsi, ndiponso azisunga uthenga uliwonse, chifukwa mawa anthu adzakana kuti anauzidwa. Zimenezi sizipezeka mu silabasi.

Nkhonya zina sizikhala zoseketsa. Mu Marichi 1992, mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, ophunzira a ku Chancellor College anaguba pogwirizana nawo, ndipo koleji inatsekedwa. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri pa referendamu. Amene anaguba nthawi imeneyo anali anyamata ndi atsikana a msinkhu womwewu wa mayearo ndi makonti.

Mipando ya utsogoleri nayo ndi yambiri. Mu 2021 UNIMA inagawidwa n'kubadwa mayunivesite a MUBAS ndi KUHeS, ndipo yunivesite iliyonse ili ndi bungwe lake la ophunzira, osawerengera magulu a mapemphero, a masewero ndi a ochokera boma limodzi. Onsewa amafuna wapampando, mlembi ndi msungichuma, ndipo chaka chilichonse makonti amaponya maso pa mayearo kufuna olowa m'malo.

Tsono makolo a ku Kabwazi, mwana akakuimbirani kuti wasankhidwa kukhala class rep, musathamangire kupha nkhuku. Gulitsani thumba limodzi la kachewere, mumutumizire ya bandulo.